Thanthwe la M'thumba Mwanu

Ana anga ndi adzukulu anga, inu a ku Linthipe, a ku Bembeke, a ku Lobi, a ku Mayani, a ku Thete ndi inu a pa boma, tasenderani kuno ku moto. Juni wafika ndi chisanu chake, chifunga chakuta phiri la Dedza kuyambira m'mamawa, ndipo munthu wa zaka zanga satalikira mafuwa. Pokhala chonchi m'pamene ndakhala ndikukuonani bwino. Kukada, nkhope zanu zimawala mumdima, aliyense ndi kuwala kwakekwake kochokera m'chikhatho. Tazinga moto umodzi, koma wina ali ku Joni, wina ali pa bwalo la mpira ku Mangalande, wina akuseka ndi munthu amene sadzagwirana naye chanza mpaka kufa. Galu wamkota sakandira pachabe. Ndili ndi mawu, ndipo ndikupempha makutu anu.

Musayese kuti ndabwera kudzanyoza foni. Munthu amene adalembapo makalata a ku Wenela sangainyoze. Ndili mwana wa sukulu, amayi a m'mudzi mwathu amene amuna awo adali ku migodi ankandiitana kuti ndiwalembere kalata. Ndinkakhala pa mphasa, pepala pabondo, iwo n'kumanena. Mayi ankabwera atasinkhasinkha sabata yathunthu. Ankati, "Lemba kuti mwana wadwala." Kenaka ankakhala duu, n'kunena kuti, "Iyayi mwanawe, fufuta pamenepo, mtima ungawachoke ali pansi pa nthaka. Lemba kuti mwana adadwala koma tsopano akudya." Kalata inkapita ku positi, yankho n'kubwera patatha mwezi kapena iwiri, mwinanso osabwera n'komwe. Lero mdzukulu wanga amene ali ku Cape Town amalankhula m'foni, ine n'kumva mawu ake madzi a tiyi asanawire.

Mlimi wa kachewere ku Bembeke amajambula matumba ake n'kutumiza chithunzi kwa wogula ku Lilongwe, ndalama n'kulowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba galimoto isananyamuke. Uthenga umene kale unkafuna mnyamata wa njinga tsiku lathunthu, lero umafikira abale onse pa gulu la WhatsApp m'kamphindi. Mu Januwale 2021, matenda a Covid-19 atafika povuta, odwala akusowa mpweya m'zipatala, mlembi Onjezani Kenani adamema Amalawi pa Facebook kuti asonkhe. A kuno ndi a kunja adasonkha mamiliyoni ochuluka a makwacha, zipangizo zidagulidwa, miyoyo idapulumuka. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nthawi imeneyo mitu idakumana pa masamba a mchezo, denga lidanyamuka. Zimenezi ndimazithokoza ndi mtima wonse.

Koma kuti mumve chimene chikundisowetsa tulo, tiyeni tikwere phiri.

M'mapiri a Chongoni, pakhomo pathu pomwe pano, muli malo 127 pamene anthu akale adajambula pa matanthwe: ku Chencherere, ku Namzeze, ku Mphunzi ndi kwina. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidalemba malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo amakwera ndege kudzaona, pomwe ambiri a inu simudapondeko phazi. Zithunzi zofiira, za mizeremizere ndi zozungulira, ndizo zakale kwambiri. Adajambula ndi Akafula, alenje amene Achewa adawapeza kuno. Zoyera, zopaka ndi chala choviika m'dothi loyera, ndi za Achewa. Zina adajambula ndi amayi polangiza anamwali m'chinamwali. Zina adajambula ndi amuna a ku dambwe, m'nyengo imene anthu ankabisala m'mapiri kuthawa nkhondo, ndi pambuyo pake pamene amishoni ndi boma la atsamunda ankalimbana ndi gule. Inu Angoni a kwa Kachindamoto ndi inu Ayao a kwa Tambala, musati izi n'za eni; phiri ndi lathu tonse.

Pa matanthwe ena omwewo mukapezapo zolembedwa za mtundu wina. Anthu a masiku athu ano adatola khala kapena choko, n'kulemba maina awo ndi chaka pamwamba penipeni pa zithunzi za makolo. Ndili mphunzitsi ndidatengerako ana a sukulu, ndipo mtsikana wina adandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga akusiyana pati? Si onse alemba pathanthwe?" Funso limenelo ndayenda nalo zaka zambiri. Namkungwi ankamudziwa mwana amene akumujambulira, ankadziwa chimene akufuna kuti mwanayo atenge, ndipo dzina lake sadalembepo. Wa khala uja adalibe chonena. Adangofuna kuti odutsa adziwe kuti iye adafikapo, ndipo pofuna zimenezo adadetsa ntchito ya ena.

Foni imene ili m'thumba mwanuyo ndi thanthwe, ndipo tsiku lililonse mumalembapo. Chimene ndikufuna mudzifunse n'chakuti, kodi ndikulemba ngati namkungwi kapena ngati wa khala?

Yambani mwadziwa kuti thanthwe latsopanoli lili ndi eni ake. Facebook, WhatsApp ndi Instagram ndi za kampani imodzi ya ku America yotchedwa Meta. YouTube ndi ya Google. TikTok idayambitsidwa ndi kampani ya ByteDance ya ku China. Kupatula bandulo, simulipira kanthu kuti mutsekule tsamba, chifukwa katundu amene iwo amagulitsa ndi maso anu omwewo; ogula ake ndi otsatsa malonda. Kuseri kwa galasilo kuli makina owerengera. Amawerenga masekondi amene mwaima pa kanema aliyense, chimene chakusekesani, chimene chakupsetsani mtima, chimene mwatumizira mnzanu, ndipo mawa amakuunjikirani zofanana nazo. Makinawo sasiyanitsa choona ndi chabodza, chaulemu ndi chamwano. Amangodziwa chimene chimagwira diso. Ndiye popeza mkwiyo, chipongwe ndi zolaula zimagwira diso msanga kuposa nzeru, n'zimene zimayandama pamwamba ngati thovu la mowa wa masese.

Apa m'pamene luso la mwana limapindikira, mwiniwake osazindikira. Mnyamata walemba ndakatulo imene waivutikira sabata ziwiri, anthu khumi okha n'kuikonda. Mawa lake wajambula kanema akutsanzira mayendedwe a nkhalamba yotsimphina, anthu zikwizikwi n'kuseka. Mkuja apanga chiyani? Pang'onopang'ono amasiya kudzifunsa kuti ndili ndi chiyani choti ndinene, n'kuyamba kufunsa kuti akufuna chiyani kuti andione. Akafika pamenepo wasanduka waganyu m'munda wa eni. Alipo ochepa amene amapezapo ndalama, sindikukana, koma ochuluka malipiro awo ndi malaiki, amene sagula ngakhale mchere wa pa ndiwo.

Taonani a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Adaimba moyo wawo wonse m'mayimbidwe awoawo, nthawi zambiri osapindula kanthu. Mu 2020 Patience Namadingo adakhala nawo pansi n'kujambula nawo nyimbo zawo zakale, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 nyimbo ya Linny Hoo idali itaonedwa koposa ka 80 miliyoni pa TikTok, achinyamata a m'maiko akutali akuvinira mawu amene sakuwamva. Agogowo adalibe ndi foni yomwe ya intaneti. Dziko lidatembenuka kuwayang'ana chifukwa chinthu chotere lidali lisanachimvepo kwina kulikonse. Onaninso mmene adagawanirana ntchito: wamkulu adabweretsa nyimbo, wamng'ono adabweretsa njira. Umu ndi mmene ndikulakalaka inu ndi ife tikadamayendera.

William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu adasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002. Adabwereka buku m'kalaibulale, natola zitsulo zotayidwa, namanga makina opukusidwa ndi mphepo amene adayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Intaneti idamupeza makinawo ataima kale. Idangonyamula mbiri yake mpaka adakalankhula pa msonkhano waukulu ku Arusha mu 2007, ndipo mu 2019 nkhani yake idatuluka m'filimu. Ntchito idatsogola, mbiri idatsatira. Ambiri lero akuimika nkhokwe asanagwire khasu.

Tsikirani ku Mua, kumene mishoni idayamba mu 1902, ndipo Bambo Claude Boucher, amene adalandira mfunda wa Chisale, adatsegula malo a zaluso a KuNgoni mu 1976. Funsani osema a kumeneko kuti dzanja limatenga zaka zingati kuti limvane ndi sompho. Funsani oumba pa Dedza Pottery kuti ndi makapu angati amene amasweka m'ng'anjo munthu asanadziwe khalidwe la dongo ndi moto. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Foni imakuzolowetsani kuti chilichonse chithe m'masekondi makumi atatu, koma luso silidasinthe mayendedwe ake. Komabe foni yomweyo ingakhale mphunzitsi wabwino mukaituma bwino. Pa YouTube pali anthu ophunzitsa mwaulere kuimba gitala, kusoka, kukonza pampu ya kudimba, kulumikiza sola, kugwira kamera. Bandulo imene imathera pa miseche ya anthu otchuka ikadatha kukupatsani ntchito ya m'manja.

Ndipo zoti mujambule kapena kulemba simungazisowe. Kuli minda ya kachewere m'mamawa mame asanakamuke. Kuli amayi a malonda pa Chimbiya ndi nthabwala zawo zoitanira ogula. Kuli ngoma ya Angoni, chimtali, chisamba, nyimbo za pamtondo zimene zikutha chifukwa cha zigayo, nthano ndi zilapi za agogo anu, maina a mitengo ya m'phiri ndi ntchito zake, mbiri ya mmene mudzi wanu udakhalira pamene ulipo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, choncho onani za ku Nigeria, za ku Korea, za ku America, muphunzireko kaikidwe ka mawu ndi kadulidwe ka zithunzi. Koma mukavina gule wa eni ndendende, mudzakhala wachiwiri masiku onse. Pa za ku Dedza palibe mwana wa ku Lagos angakuposeni.

Polemba, lembani Chichewa chathunthu. Kudula mawu pocheza ndi mnzako si mlandu, koma ndaona ana amene dzanja lawo lidazolowera zodukaduka mpaka kulephera kulemba kalata yofunsira ntchito kapena uthenga wopepesa pa maliro. Google idaika Chichewa m'makina ake omasulira mu 2014, ndipo makina otere amaphunzira kuchokera ku zimene anthu adalemba. Zilankhulo zina zidadzaza nkhokwe kumeneko, chathu chikadali m'kadengu. Odzaza nkhokweyo ndinu. Mukathiramo madeya, adzukulu anu adzapeza madeya.

Tsopano bwererani kuphiri muone chinthu china. Anamkungwi sadajambule m'mbali mwa njira. Adasankha mapanga obisika, chifukwa ankadziwa kuti si mawu onse a pabwalo. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Za kutsimba zili ndi malo ake, za kudambwe zili ndi malo ake, za m'nyumba ya banja zili ndi ankhoswe ake. Foni ilibe mpanda. Chimene mwanong'oneza munthu mmodzi, dzuwa lisanalowe chafika ku Mzuzu ndi ku Nsanje.

Ndikunena izi ndi chisoni cha zimene ndidaziona. Mayi wina wa kufupi ndi kwathu adamva za imfa ya mwana wake poona chithunzi cha ngozi ya pa msewu wa M1 chimene chinkazungulira pa WhatsApp. Adazindikira malaya. Akuluakulu amene adatumidwa kukamuuza mwamwambo adamupeza atakomoka kale pakhonde. Makolo athu sadali opusa poika dongosolo lakuti amfumu ayambe adziwa, anthu okhwima apite, akhale pansi, afunse za moyo, kenaka anene pang'onopang'ono, pali amayi ena pafupi oti amugwire. Amayi aja a kalata za ku Wenela ankafufutitsa liwu limodzi kuti mtima wa munthu ungasweke. Wojambula ngozi uja adathamangira kuti akhale woyamba. Mukafika pa ngozi, manja anu akhale onyamula ovulala, foni ikhale yoimbira achipatala ndi apolisi.

Inu atsikana, ana anga, mverani. Chithunzi chikatuluka m'foni mwanu sichibwerera. Mungafufute kwanu, koma wina adasunga kale. Mnyamata amene akuti mumutumizire chithunzi cha thupi lanu monga umboni wa chikondi, akukupemphani chingwe choti adzakumangireni tsiku limene mudzayambane. Mukanireni. Ndipo ngati zidachitika kale, wina akukuopsezani, musafe nazo nokha. Uzani amayi anu, azakhali anu kapena aphunzitsi amene mumawakhulupirira, mukanene kupolisi. Inu anyamata, amene amafalitsa chithunzi cha mwana wa mnzake wadzivula yekha ulemu, ndipo wapalamula. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kulondalonda munthu pa intaneti. Wolandira n'kutumizanso asadziyese wosalakwa. Wasenza nawo mtolo womwewo. Akale adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mlomo wa pa intaneti umatsata munthu mpaka tsiku lofunsira ntchito ndi tsiku la chinkhoswe.

Samalaninso ndi mphekesera. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Mu Meyi 2021 dziko lino lidatentha katemera wa Covid-19 wokwana 19,610 amene adatha mphamvu asanagwire ntchito. Katemerayo adafika masiku ake atatsala ochepa, komanso anthu ambiri ankaopa kubayitsa chifukwa cha mauthenga abodza amene ankayenda m'mafoni. Ku India mu 2018 anthu osalakwa adaphedwa ndi magulu olusa chifukwa cha mauthenga a pa WhatsApp onena za akuba ana, mpaka eni ake a WhatsApp adachepetsa malo amene uthenga ungatumizidwe nthawi imodzi kufika pa asanu, ndipo mu 2019 lamulolo lidafikira dziko lonse. Nafenso tikudziwa mmene mphekesera za anamapopa zidaphetsera anthu ku Mulanje ndi madera oyandikira mu 2017. Masiku ano makina akutha kupanga chithunzi cha chinthu chimene sichidachitike ndi mawu a munthu amene sadalankhule. Uthenga ukakupsetsani mtima kwambiri kapena kukuopsani kwambiri, m'pamene muyenera kuugoneka. Funsani kuti wanena ndani, adaona ndi maso kodi, wailesi yalengeza kodi. Inu ophunzira ndinu maso a makolo anu amene amakhulupirira chilichonse chotuluka m'foni, muziwathandiza kupeta.

Kuno kwathu chigoba timachidziwa. Gule Wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005, satuluka chisawawa. Chilombo chimabwera pa maliro, pa chinamwali, polonga ufumu. Chili ndi ochiyang'anira, chili ndi phunziro limene chanyamula, ndipo ng'oma zikaleka chimabwerera kwawo. Pa intaneti pali zigoba zopanda mwambo. Mwana amene masana amagwada popereka moni kwa amalume ake, usiku amavala dzina labodza n'kutukwana munthu wa msinkhu wa agogo ake. Nanga mwana weniweni ndi uti pa awiriwa? Ndikukuuzani, chigoba chotere chikakhalitsa chimamera pankhope. Mawu amene simungathe kuwanena maso ndi maso, pabwalo, amayi anu ali pomwepo, musawalembe.

Chigoba china ndi cha kudzikometsera. Mnzanu wa ku Joni waika chithunzi ataima pa galimoto yonyezimira, inu mtima n'kuyamba kuwawa, munda wa bambo anu n'kuoneka ngati chilango. Simukuona chipinda chimene amagonamo anthu asanu ndi mmodzi, simukuona mantha ake akaona apolisi, simukudziwa kuti galimotoyo ndi ya abwana ake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Aliyense amaika tsiku lake labwino lokhalokha, inu n'kumaliyerekeza ndi masiku anu onse. Musagulitse ng'ombe ya makolo chifukwa cha chithunzi.

Za masewera a pa foni ndi pa kompyuta, kusewera si tchimo. Ifenso tinkatha madzulo pa bawo. Koma bawo linkatha dzuwa likalowa, ndipo wokudyera njombwa umamuona pamaso. Masewera a lero adawapanga kuti asakhale ndi pothera, ndipo ena amafuna ndalama. Kandege ka juga ka pa foni kamene anyamata akukathamangira kauluka kale ndi ndalama za feteleza, za fizi ndi za mpamba wa geni m'makomo ambiri. Masewera a juga adawakonza mwa masamu kuti pamapeto mwini wake ndiye apindule. Wopambana mmodzi amaonetsedwa kwa onse, oluza chikwi amalira mobisa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ngwa mphepo.

Ndipo pali zinthu zimene foni sidzazichita. Siidzakumba manda. Manda amakumba ndi adzukulu, ndi makasu, m'dothi lolimba la kuno. Kankhope kolira kamene mwatumiza pa gulu sikalowa m'malo mwa kugona pa siwa, kutunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kukhala chete pambali pa wofedwa. Wodwala safuna sitetasi yomufunira zabwino kuposa phala lofunda ndi dzanja lomudzutsa. Anzanu zikwi zisanu a pa Facebook sadzakufolererani denga likasasuka ndi mphepo; adzabwera ndi anansi amene mumawadutsa osapereka moni chifukwa makutu mwatseka ndi zingwe. Nsima ikafika pa mphasa, foni ikhale m'thumba. Munthu wamkulu akamakulankhulani, dzutsani maso.

Chilimwe chino, udzu ukapsa njira zikaoneka, dzitengeni anzanu mukwere ku Chencherere kapena ku Mphunzi, mutsogoze munthu wodziwa malowo. Tengani mafoni anu. Thanthwe musalikhudze, musalembepo kanthu. Imani, muyang'ane zala za amayi amene adapaka dothi loyera poganizira mwana amene adali patsogolo pawo. Pobwerera, pitani kwa agogo anu akadali moyo. Khalani pansi, pemphani chilolezo, muwafunse nthano, nyimbo, mbiri ya mtundu wanu, ndipo mujambule mawu awo. Zimene akuti izi ndi za pabanja, sungani pabanja. Zimene akuti izi auzeni anthu, zikonzeni bwino, modekha, m'Chichewa chomveka, muziike pathanthwe lanulo kuti a ku Lilongwe, a ku Chipata, a ku Tete ndi a ku Joni amve.

Ife masiku athu apendeka ngati dzuwa la kumadzulo. Tsiku lina mwana amene sadabadwe adzafufuza dzina lanu, ndipo adzapeza zimene mudasiya, monga ife timapezera za ku Chongoni. Mwana ameneyo muzimuona patsogolo panu nthawi iliyonse chala chikamapita pa galasi. Mumusiyire dothi loyera, ana anga. Khala litayeni.